Mwana wanga akufuna kulowa ROTC, ndimuloleze?

MayiWaAtatu: Abale a kuno ku America ndithandizeni nzeru. Wachisamba wanga akuyamba koleji chaka chamawa ndiye wabwera ndi nkhani ya ROTC, akuti azidzapanga digiri yake kwinaku akuphunzira za usilikali, fizi yonse boma lilipira. Ine mtima suli m'malo, tulo sindikupeza. Kodi akalowa atha kutuluka? Komanso ali ndi green card yokha, chitupa chokhalira kuno koma si nzika, zingatheke?

BamboKuIndiana: Mayi yambirani pa pepalapo. Sikolashipu amapereka kwa nzika ya America basi, green card siyikwana, ngakhale makalasi a zaka ziwiri zoyambazo atha kumalowa osasaina kalikonse. Wanga anapanga ya Army. Ankadzuka 5 koloko kukathamanga kunja kuli chipale, ine kumamumvera chisoni ndikaona jombo zonyowa pakhomo koma mwiniwake osadandaula ngakhale tsiku limodzi. Ankalandira $420 pamwezi ndi $1,200 ya mabuku pachaka, atatha chaka chachitatu anakakhala mwezi ndi masiku ku kampu ya asilikali ya Fort Knox, Kentucky, anabwerako atawonda mpaka amayi ake analira. Pomaliza amatuluka ali second lieutenant, udindo woyambira wa u-ofesala. Koma si zaulere ayi, amabweza ndi zaka 8, nthawi zambiri 4 pantchito yeniyeni zotsalazo ku reserve (asilikali oitanidwa akafunika), ndipo kukabuka nkhondo amapita ndithu, sindingakunamizeni.

Nachisale_TX: Zotulukazo, wa sikolashipu ya zaka 4 atha kusiya chaka choyamba osabweza kanthu. Akangoyamba chachiwiri ndiye wamangika, akasiya abweza ndalama kapena amutenga ngati msilikali wamba. Komanso amayeza m'thupi, ngati anadwalapo asima atadutsa zaka 13 zimavuta.

AchimweneLeeds: Kuno ku UK n'zosiyanako, kuli UOTC, maphunziro a usilikali a ana a payunivesite, ana amalipidwa masiku omwe aphunzira ndipo sakakamizidwa kulowa usilikali akamaliza, wofunadi u-ofesala amakapanga masabata 44 ku Sandhurst, sukulu ya maofesala a usilikali. Koma mayi mufunseni bwinobwino mwanayo, akufuna yunifomu kapena akuopa kukulemetsani ndi fizi? Ana athuwa amaona mmene tikuvutikira ndi mashifti ndiye amangosenza okha osanena.

MayiWaAtatu: Achimwene mwandilasa mtima, sabata yatha anandipeza patebulo ndikuwerengetsera mabilu, anangoima pakhomo osayankhula. Ndikhala naye pansi Lamlungu tikabwera kutchalitchi. A Nachisale, za asimazo amafuna mapepala a dokotala kuyambira liti? Anasiya inhaler ali ndi zaka 11.