Mabwana akagwirizana kuti asalandane antchito, tikadandaule kuti?

Abale anga, makamaka inu odziwa malamulo, ndithandizeni nzeru. Mng'ono wanga ndi wophika pa loji ina ku Senga Bay kuno ku Salima. Chambo amachiotcha bwino moti alendo amamuitanitsa kukhitchini kuti amuthokoze, koma malipiro sakwera. Atakafunsira ntchito pa loji yoyandikana nayo, manijala anamuuza maso ndi maso kuti eni malo anapangana zosalemba munthu wochokera kwa mnzawo, ndipo malipiro amakambirana okhaokha.

Zimenezi zandiwawa kwambiri. Kuno ntchito zolipidwa pamwezi n'zochepa, ndiye olemba ntchito ochepawo akamvana chimodzi, wantchito athawira kuti?

Ndikudziwa kuti bungwe loona za mpikisano pa malonda la Competition and Fair Trading Commission (CFTC) limaletsa amalonda kupangana mitengo ya katundu ngati shuga kapena simenti, komanso kuti lamulo lake analikonzanso mu 2024. Kodi limakhudzanso kupangana malipiro a anthu? Kapena nkhaniyi ndi ya ofesi ya zantchito ndi khothi la milandu ya zantchito la Industrial Relations Court basi?

Chinanso, pangano lawolo ndi lapakamwa, palibe pepala. Umboni wa antchito anzake ungakwane? Akadandaula, angamuteteze ndani kuti asamuchotse ntchito?