Mwambo wokumbukira agogo a ku Philippines: tiyambire pati?

Nambewe, Highfield:
Mnzathu wa m'kwaya amayi ake atisiya kwawo ku Philippines, ndipo iye sanathe kupita kumaliro. Malemuwo anali mayi wapakhomo, analera ana ndi zidzukulu. Tikufuna tiwakumbukire kuno ku Harare mwa chikhalidwe chawo. Tichite bwanji?

Phiri, Mufakose:
Pepani ndi zovutazi, mayi. Akatolika kumeneko amapemphera kolona masiku 9 otsatizana, amati pasiyam. Amasonkhananso tsiku la 40, kenako pakatha chaka pomwe amavula zakuda. Ngati masiku 9 adutsa, konzekerani la 40, ndipo ansembe muwauze msanga kuti atchule dzina pa Misa. Ngati abale a ku Philippines akutsatira pa foni, kumbukirani kuti iwo ali patsogolo ndi maola 6. Mukayamba madzulo kuno, kwawo ndi pakati pa usiku. Yambani 12 koloko masana.

Nabanda, Mbare:
Chakudya chikhale mpunga ndi adobo, ndiwo ya kwawo ya nyama yophika mu viniga ndi soy sauce. Nkhuku kilo imodzi, theka la kapu ya viniga, theka la kapu ya soy sauce, adyo wosinja wambiri, masamba atatu a bay ndi tsabola wakuda. Viniga awire kaye musanavundule, apo ayi kuwawasa kwake kumakhala kobaya. Kenako moto wochepa mphindi 40. Mchere musathire, soy sauce ngwokwanira.

Banda, Dzivarasekwa:
Mbiri yawo isangokhala zaka zobadwa ndi zomwalira. Afunseni adzukulu zomwe agogo ankaphika, ankadzuka nthawi yanji, ankawalangiza chiyani. Chipepeso muike mu envulopu, amalandira bwino.