Lathe ya Colchester yandigonera pakhonde

Wa ku Chibavi:
Akuluakulu, ndagula lathe (makina osemera zitsulo mozizunguza) yakale ya Colchester Student kwa bambo wina amene watseka galaja yake ku Luwinga, kuno ku Mzuzu. Kuitsitsa mu lole tinachita kubwereka chain block, kenako kuigubuduza pa mapaipi anayi, anthu asanu thukuta kamukamu. Mayi a kunyumba akuti ndagula chitsulo chosungira makoswe. Mota yake ndi ya three phase koma kwathu magetsi ndi a single phase. Komanso njanji zake zachita dzimbiri. Ndiyambire pati?

Mkulu wa ku Katoto:
Achimwene, dzimbirilo musalikhudze ndi grinder, mupha makinawo. Nyowetsani ndi palafini, mukwechese pang'onopang'ono ndi steel wool. Mukatero yendetsani saddle (chonyamula mpeni chimene chimayenda pa njanjizo) ndi dzanja. Ikakhala yolobodoka pafupi ndi chuck (chogwira chitsulo chosemedwa) koma n'kumalimba kumapeto, njanji zinadyeka. Timabowo tothirira mafuta tija timafuna oyilo, osati girisi. Girisi amagwira tizitsulo n'kumapala njanji.

Wa ku Zolozolo:
Werengani kachitsulo ka pa mota. Ngati palembedwa 230/400, ilumikizeni mawaya ake mwa njira yotchedwa delta, mugule VFD (kabokosi kosandutsa magetsi a single phase kukhala three phase), ithamanga bwinobwino pa magetsi anuwo.

Wa ku Chibavi:
Palembedwadi choncho, zikomo. Pakadali pano ndaifunditsa lona, chifunga cha kuno sichichedwa kudya chitsulo.