Zikomo nonse, za funso langa lija la kufooka nthawi ya korona

Ndabweranso abale kuti ndikuuzeni mmene zathera. Paja ndinafunsa kuti ndipange bwanji poti kukhala m'nyumba chifukwa cha COVID-19 kunandifooketsa, msana kupweteka, tulo osabwera, maganizo ali balala. Zikomo kwambiri nonse amene munayankha, ngakhale inu munanditumizira mankhwala aja akuzungulira pa WhatsApp, amenewo sindinayese koma mtima wanu ndinauona.

Ndinatsata mayi wina amene anati bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa akuluakulu kuchita masewera olimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo sizifuna jimu ayi. Ndiye ndinayamba kuyenda ndawala m'mamawa anthu asanachuluke panjira, kukagwa mvula ndimangodumpha chingwe ndi kupanga ma squat (kunjuta n'kudzuka mobwerezabwereza) m'chipinda momwemo. Poyamba miyendo imawawa zedi moti kukhala pampando inali ntchito, koma pano msana wasiya kundivuta ndipo tulo tikubwera bwinobwino, makamaka chisiyireni kugwira foni usiku, nkhani za mliri zija zimangondiika mtima m'mwamba basi.

Kwa amene muli ndi vuto ngati langa, kachilombo ka korona kamafala kwambiri m'nyumba mosapita mphepo, ndiye mukamapanga masewera ndi anzanu pangirani panja motalikirana, apo ayi tsegulani mawindo. Mukabwerako sambani m'manja ndi sopo masekondi 20, sanitaiza ikhale ya alcohol 60% kupita m'mwamba. Ndipo mukamva thupi kutentha kapena chifuwa siyani kaye masewerawo, mupume, mukayezetse.