Laputopu ikuti ndipange update ya BIOS, ndidine kapena ndisiye?

Mphunzitsi_Bembeke:
Anzanga ndithandizeni maganizo. Ndili ndi ka HP komwe ndinagula kwa munthu wochokera ku Joni, ndimalembapo ma scheme ndi mayeso a ana. Tsopano pulogalamu ya HP Support Assistant ikumangotulutsa uthenga woti pali BIOS update (BIOS akuti ndi kapulogalamu ka mkati komwe kamadzutsa makina ukayatsa), kenako dzulo mu Chrome mwatulukanso kena pakona pansipa kakuti firmware yanu yatha ntchito dinani apa msanga, chizindikiro chake cha HP chomwecho. Awiriwa ndi amodzi? Ndiye kuno magetsi amangozima osatsanzika, batire nayonso ndi yofooka kale. Ndidine, ndisiye kapena ndipite nayo kwa okonza pa boma?

WaLizulu:
Aphunzitsi ngati makina akuyenda bwino BIOS musayiyambe dala. Ya mlamu wanga inazima update ili pakati, kuyambira pamenepo ukayatsa fani imangolira, kagetsi ka Caps Lock kumangophethira, sikirini bii. Inakathera kwa okonza ku Lilongwe ndalama zake zosayamba. Ine ndimangotseka mauthenga onsewo basi.

Fundi_pa_Boma:
Aphunzitsi, mauthengawo ndi awiri osiyana ndipo la mu Chrome lo ndi bodza lenileni. Firmware yomwe akunenayo ndi BIOS yomweyo, koma webusayiti singadziwe BIOS yomwe muli nayo, chachitika ndi choti tsiku lina munadina Allow pa saiti ina yake, mwina potsitsa nyimbo kapena ma past paper, ndiye anthuwo akukutumizirani ma notification atavala chizindikiro cha HP. Lowani mu Settings ya Chrome, Privacy and security, Site settings, Notifications, muchotse saiti iliyonse yomwe simukuyidziwa. Musadine ngakhale batani lawo lolembedwa Cancel.

La Support Assistant likhoza kukhala loona koma nalonso musangolikhulupirira. Dinani Windows ndi R limodzi, lembani msinfo32, muona mzere wa BIOS Version/Date, mulembe nambalayo papepala. Kenako pitani nokha pa saiti ya HP, adilesi mulembe ndi manja anu osati kudina link, muike serial number yomwe ili kunsi kwa laputopu. Mukapeza kuti BIOS yatsopano ilipodi ya model yanuyo ndipo nambala ikugwirizana ndi yomwe pulogalamu ikunena, ndiye kuti uthengawo ndi weniweni. Muwerengenso zomwe alemba kuti update yo ikukonza chani. Ndimalimbikira zofananitsazi chifukwa ngakhale mapulogalamu a eni ake anabedwapo, mu 2019 a Kaspersky, kampani ya antivirus, anaulula kuti akuba analowerera ASUS Live Update, pulogalamu ya ma update ya makompyuta a ASUS, nkumatumiza zoipa zosainidwa ndi satifiketi yeniyeni ya kampaniyo.

Achimwene a ku Lizulu apa sindikugwirizana nanu kwenikweni. Zoti osakhudza mpaka kalekale zinali za kale, masiku ano ma update ambiri a BIOS amatseka mipata yomwe akuba amalowera, komanso ma satifiketi a Secure Boot (chitetezo chotchinga mapulogalamu osadalirika makina akamayaka) omwe Microsoft inatulutsa mu 2011 nthawi yake yotha ndi kuyambira June 2026, ndiye makina ena akufunikadi firmware yatsopano. Chomwe chinapha ya mlamu wanu ndi moto kuduka osati update payokha.

Koma chomwe anthu ambiri amalira nacho kuno si magetsi ayi, ndi BitLocker, loko wa Windows wokhoma mafayilo a pa disiki. BIOS ikasintha makina ena amadzuka ndi sikirini ya buluu kufuna recovery key ya manambala 48, ndiye laputopu ngati yanuyi yodutsa m'manja mwa anthu, kiyi ija mwina ili mu akaunti ya Microsoft ya mwini wake woyamba yemwe simudzamuona. Mayeso onse a ana atsekeredwa momwemo. Musanachite chilichonse fufuzani Manage BitLocker kapena Device encryption, ngati ndi yoyatsa sungani kiyiyo pa flash komanso muijambule pa foni, kenako mudine Suspend protection kuti iyambe yaima kaye. Mafayilo anunso koperani pena.

Mphunzitsi_Bembeke:
Zikomo afundi, mu Chrome ndapezamo ma saiti achilendo ndachotsa, kauthenga kaja kasiya. Nambala ya BIOS yatsopano yomwe pulogalamu ikunena ikugwirizana ndi ya pa saiti. BitLocker ndi yozima. Nkhawa yatsala pa batire basi.

Fundi_pa_Boma:
Batire yofooka ndiye musapangire kunyumba. Pezani malo a sola yokhala ndi inverter yabwino kapena bwerani nayo pa boma pomwe pali UPS yosunga moto magetsi akazima, chaja ikhale yolumikiza mpaka mapeto, muchotse ma flash ndi zonse zolumikiza. Ikayamba idzizimitsa nkudziyatsa yokha mwina kangapo, sikirini ikhoza kuda kwa kanthawi fani ikukuwa, pamenepo ndi pomwe anthu amapupuluma nkukanikiza power, inu manja m'thumba. Zikavuta ma HP ambiri amadzutsika pogwira Windows ndi B kenako nkudina power. China, ngati inali ya pakampani ku Joniko ikhoza kufunsa pasiwedi ya BIOS isanalole update, ndiye yambani mwayesa F10 poyatsa muone ngati ikukulowetsani osafunsa kanthu.