Silikoni ndi magasiketi pa injini za tindege toseweretsa: chiti chimapirira mafuta ati?

Kandege46

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pali injini ziwiri zoti zimangidwenso. Yoyamba ndi ya glow (yoyatsa mafuta ndi pulagi ya kawaya kotentha) ya 7.5 cc, imamwa methanol wokhala ndi nitro (nitromethane) 10%. Gasiketi yake ya pepala ya chivindikiro chakumbuyo inang'ambika pomasula, pa ekizozi pakutuluka mafuta akuda, ndipo ukabweza throttle imalirabe mokweza kwa kanthawi isanatsike. Yachiwiri ndi ya petulo ya 20 cc ya kabuleta ya Walbro, ikuchucha pomwe silinda imakhalira pa crankcase (thupi la injini momwe mumazungulira shafuti). Kodi chubu chimodzi cha silikoni yofiira chingathetse zonsezi? Nanga mphete za labala za Viton, zomwe ambiri amazitama, ndiike pa injini zonse ziwiri?

WaZitsulo

Ayi achimwene, chubu chimodzi sichingakwanire konseko, chifukwa mafuta awiriwa amadya zinthu zosiyana. Silikoni imapirira methanol ndi mafuta a nsatsi, n'chifukwa chake timapaipi ta injini za glow timakhala ta silikoni. Koma ikakumana ndi petulo imatupa, n'kufewa, kenako imamatuka. Viton ndi yosiyana nayo: pa petulo imakhala zaka, koma Viton wamba imatupa mu methanol ndi nitro. Ndiye pa ya glow ikani mphete za silikoni, pa ya petulo ikani za Viton kapena za nitrile. Chotsekera pakamwa pa thanki nachonso chisankhidwe motero, ndipo paipi ya petulo ikhale ya Tygon yachikasu ija kapena ya Viton.

Pa silinda ya injini ya petuloyo gulani gasiketi yatsopano yochindikala ngati yakaleyo. Musaichotse n'kungopaka zomatira, chifukwa kuchindikala kwake ndi kumene kumaika silinda pa msinkhu wake. Silinda ikatsika, mpata wa pakati pa pisitoni ndi mutu umachepa, ndipo nthawi yomwe mabowo a m'silinda amatseguka imasintha. Ngati nkhope za zitsulozo zili ndi timikwingwirima, pakani pang'ono chabe ThreeBond 1184 kapena Permatex MotoSeal mbali zonse za gasiketi. Izi zinapangidwa kuti zipirire petulo. Ngati crankcase yanu ndi ya magawo awiri okumana chitsulo ndi chitsulo, Loctite 518 imagwira bwino. Imauma pokhapokha mpweya ukasowa pakati pa zitsulo, ndipo imadzaza mpata wosapitirira 0.25 mm.

Nitro_Pang'ono

Kulira mokweza mukabweza throttle kuja kumasonyeza kuti mpweya ukulowera pena pake. Musanapake chilichonse, pezani kaye pomwe ukulowera. Tsekani ekizozi ndi pakamwa pa kabuleta, lumikizani kapaipi koyera polowera mafuta, uzirani ndi pakamwa kwinaku mukudonthezera madzi a sopo pa chivindikiro chakumbuyo, pakhosi pa kabuleta ndi pa singano yoonjezera kapena kuchepetsa mafuta. Pomwe pakutuluka thovu ndi pomwe pali vuto. Tithovu tochepa kutsogolo kwa shafuti tisakudetseni nkhawa, injini zambiri zimatero.

Pa chivindikirocho ine ndingasankhe pepala, osati silikoni yokha. Kumbuyo kwa pini ya crankshaft kuli mpata wochepa kwambiri, ndipo gasiketi ija ndi mbali ya mpatawo. Mukaichotsa, pa injini zina pini imayamba kukwecha chivindikiro n'kudzaza injini ndi tizidutswa ta aluminiyamu. Pimani yakaleyo, kawirikawiri imakhala pakati pa 0.2 ndi 0.4 mm. Pakani mafuta pang'ono pa nkhope ya crankcase, dindani pa pepala la gasiketi, dulani motsatira chidindocho, mabowo a mabawuti muboole poyamba pepala lisanachepe. Inyowetseni ndi mafuta a nsatsi musanaiike kuti tsiku lina idzachoke yosang'ambika.

Ngati mukufunabe silikoni, inunkhizeni kaye. Yonunkha ngati viniga imatulutsa asidi ikamauma, ndipo asidiyo amachititsa dzimbiri mabering'i omwe ali pafupi pomwepo. Tengani yolembedwa sensor safe, monga Permatex Ultra Copper. Tsukani nkhope zonse ndi acetone mpaka nsalu izituluka yoyera, chifukwa pamafuta silikoni sigwira. Pakani ndi kamtengo kotokosera m'mano, kopyapyala moti chitsulo chizionekerabe pansi pake. Yochuluka imafinyikira mkati, n'kuuma ngati kaulusi, ndipo kaulusiko kakaduka kamakathera pa pulagi kapena m'mabowo a silinda. Mangani mabawuti mopingasa, dikirani maola 24 musanathire mafuta. Pakhosi pa kabuleta sinthani mphete, ndipo pomanga muzikanikiza kabuletayo pansi ndi chala kuti mpheteyo ifinyike.

Mangani_Bwino

Zonse zanenedwazi ndikugwirizana nazo, ndingowonjezera za ekizozi. Mafuta akuda amenewo ndi aluminiyamu wosakanikirana ndi mafuta: mafula, chochepetsa phokoso la ekizozi chija, yakhwefuka ndipo ikukwecha injini. Gasiketi ya pepala pamenepo ndi imene imayambitsa vutoli. Imapsa, n'kuphwa, mabawuti n'kukhala opanda mphamvu. Njira yokhalitsa ndi kusalaza nkhope ziwirizo. Yalani sandipepa ya 400 pa galasi, inyowetseni, kwechani ngati mukulemba 8 mpaka nkhope yonse ituwe mofanana, kenako malizani ndi ya 600. Tsukani bwinobwino kuti mchenga usalowe m'silinda. Mangani chitsulo ndi chitsulo, kapena ndi kafilimu ka Ultra Copper, yomwe imapirira kutentha kofika pafupifupi 370°C kwa kanthawi. Injini ikalira koyamba, mangitsaninso mabawuti ikadali yotentha.

Pa mutu wa injini ya glow pasafike zomatira zamtundu uliwonse. Pamenepo pamatseka kawasha kopyapyala ka mkuwa kapena aluminiyamu, nthawi zambiri ka 0.1 kapena 0.2 mm, ndipo n'komwe kamasunga compression. Kakasowa, injini imatentha ndi kuwotcha mapulagi. Ka mkuwa kakauma mungathe kukafewetsa pokatenthetsa mpaka kafiire pang'ono n'kukaziziritsa, koma kopindika kapena kokandika n'kotaya.

Kandege46

Zikomo kwambiri akuluakulu, ndamva. Funso lina: pali mphete zakuda zosalembedwa dzina, ndingazizindikire bwanji? Nanga tepi yoyera ya mapaipi a madzi ija ingathandize pa singano yomwe ikulowetsa mpweya?

WaZitsulo

Mtundu wakuda sunena kanthu, nitrile ndi Viton zonse zimapezeka zakuda. Ziyeseni. Pimani mphete imodzi ndi vernier (chida chopimira kukula kwa tinthu ting'onoting'ono), iponyeni m'kabotolo kagalasi ka mafuta omwewo amene injini imamwa, tsekani, dikirani sabata. Ikatuluka yotupa, yofewa kapena yomata zala, siyoyenera. Chimodzimodzi zomatira: finyirani kadontho pa kachitsulo, kaume kaye, kenako kanyikeni.

Tepiyo isiyeni. Imanyenyeka, ndipo kachidutswa kamodzi n'kokwanira kutseka bowo la singano injini ili m'mwamba. Dulani kapaipi ka silikoni ka 4 kapena 5 mm, kavekeni pa singano kuti kafinyike pomwe singanoyo imalowera.

Pa Walbro musapake chilichonse. Pakati pa kabuleta ndi injini pali kabowo kakang'ono kodutsa mpweya wochokera mu crankcase, womwe umayendetsa pampu ya mafuta. Kakatsekeka ndi zomatira, kapena gasiketi ikaikidwa chozondoka n'kukaphimba, injini imalira ndi mafuta a choke okha kenako n'kuzima. Mukatsegula kabuletayo kumbukirani ndondomeko yake: mbali ya pampu, diaphragm (kachikopa kopyapyala kopopa mafuta) ndiyo imagona pa thupi la kabuleta, gasiketi pamwamba, mbali inayo, gasiketi imayamba, diaphragm n'kubwera pambuyo.