Ndapanga apudeti ya Android 15 foni ikutentha batire silikukhalitsa, ndikaflashitse kapena ndidikire?

Moni nonse pagulu pano, ndithandizeni nzeru abale. Ndine wa ku Mulanje kuno chakufupi ndi Limbuli, geni yanga ndimagula zinanazi ndi nthochi kwa alimi nkumatumiza ku Limbe, nde foni kwa ine ndi khasu, makasitomala onse ali pa WhatsApp, ndalama zimalowa pa Mpamba ndi Airtel Money, ngakhale adalaivala onyamula katundu timapezana pafoni pomwepo.

Kwa masabata awiri foni imangondiuza kuti pali apudeti ine nkumakana chifukwa inali pafupifupi 2GB, bandulo yake ndikanaitenga kuti. Loweruka lapitali ndinapita pa boma, alamu anga amagwira ntchito pena pake pomwe pali WiFi, ndinalumikiza nkuyikoka yonse. Inayamba yakana kuti malo achepa, ndinafufuta mavidiyo ndi ma apu atatu kenako inalola. Inazima nkuyaka kawiri, mphindi ngati 25, podzuka ikulemba Android 15. Foni yake ndi ya RAM 4GB, sitoreji 64GB, batire 5000mAh, ndinagula yatsopano mushopu chaka chatha.

Zabwino zilipo sindinama. Maonekedwe akongola, ndipo chomwe chandisangalatsa kwambiri nchoti ukafuna kujambula sikirini ikumakufunsa ngati ukufuna sikirini yonse kapena apu imodzi yokha. Ine ndimakonda kujambulira alimi anzanga mmene angachitire zinthu pafoni, kale mameseji a anthu amangotulukira pamwamba mkati mwa vidiyo, ena a ndalama, pano zimenezo kulibe. Ndaonanso kuti apu yomwe sukuigwiritsa ntchito utha kuipanga archive, imachoka nkusiya zinthu zako ndi kachizindikiro kake, ukadina imabwerera. Ndikanakhala nazo zimenezi Loweruka lija sindikanafufuta kanthu.

Koma vuto nali. Kuyambira tsiku lomwelo foni ikutentha kumsana chakufupi ndi kamera, ngakhale kunja kuli chiperoni chonchi iyo ili juu mthumba. Batire kale ndikatchaja usiku limandifikitsa mawa lake madzulo, pano ndachotsa pa tchaja 6 koloko mmawa pofika 1 koloko lili pa 30, dzulo inandizimira ndili kumunda kwa mlimi tikuwerengera zinanazi pomwe adalaivala amandiimbira kuti ayime pati, mpaka anapitirira katundu anagona. Ukatsegula zithunzi pa WhatsApp imayamba yaima kaye. Ukakoka kuchokera pamwamba kumanja kukubwera za WiFi ndi tochi, kumanzere mameseji, chala sichinazolowere. Komanso mwa ma apu ndinafufuta aja munali ya nyimbo za kutchalitchi yomwe mnzanga anandiponyera kalekale pa Xender, ndamupempha andiponyerenso koma ikukana kulowa, ine ndimatsogolera kwaya ya kumpingo kwathu ndimaidalira kwambiri.

Mnyamata wina wokonza mafoni pamsika wandiuza kuti ndibweretse aiflashe ibwerere ku Android 14 zonse zitheretu. Mtima ukufuna koma ndikuopa, mufonimu muli manambala a makasitomala a zaka zitatu. Ndipite kapena ndidikire? Komanso mayi akunyumba ali ndi foni yofanana ndi yangayi nayonso ikupempha apudeti yomweyi, ndawauza asakhudze kaye, ndachita bwino? Lero ndi tsiku lachitatu.

Ndemanga

Wokonza mafoni ku Luchenza: Achimwene musapite koflashitsa, ndikukuuzani ine amene ndimadya za ntchito yomweyi. Masiku atatu ndi ochepa kwambiri. Foni ikalandira apudeti yaikulu chonchi imakhala ndi ntchito yamkati yomwe inu simukuiona, imakonzanso ma apu onse mmodzimmodzi kuti agwirizane ndi sisitimu yatsopano, imawerenganso zithunzi ndi mafayilo, ndipo kaphunziridwe kake ka mmene mumagwiritsira ntchito batire kamatenga masiku. Nchifukwa chake ikutentha. Ntchito yambiri imeneyi imaigwira bwino ikakhala pa tchaja simukuikhudza, nde usiku uliwonse isiyeni pa tchaja mpaka mmawa, isakhale pansi pa pilo, ichotseni mu kavala yake. Ipatseni sabata imodzi kapena masiku 10. Za kubwerera ku 14 pa mafoni ambiri njira yovomerezeka kulibe, kuflasha kumafufuta zonse, ndipo mafoni ena apudeti ikalowa amatseka njira yobwerera mmbuyo, munthu akakakamiza foni imangothera pa logo osayakanso. Ndalandirapo mafoni otere kuchokera kwa anzanga omwe.

Wofunsa: Zikomo akulu. Vuto magetsi kuno amavuta usiku wina, ndimatchajira pa sola ya neba masana, zingathandize chimodzimodzi?

Wokonza mafoni ku Luchenza: Zithandiza bola muisiye osaigwiragwira ikamatchaja. Mundiuzenso sitoreji yatsala zingati.

Wofunsa: Ndaona pompano, yatsala 1.8GB pa 64.

Wokonza mafoni ku Luchenza: Eee ndi pamenepo pagona nkhani amwene. Foni yodzadza chonchi singathamange ngakhale ikhale pa Android iti. Lowani pa WhatsApp, Settings, Storage and data, Manage storage, ikuonetsani mafayilo oposa 5MB ndi omwe anthu amangotumizirana mmagulu. Fufutani mpaka patsale 8GB kapena 10. Pomwepo pali Media auto-download, zimitsani mavidiyo asamadzilowere okha.

Mtsikana wa ku Bvumbwe: Ndikutsatira, yanganso ikupempha.

Bambo wina wa ku Thekerani: Ingopangani factory reset basi, ine yanga inachira choncho.

Mayi wa ejenti pa Chitakale: Bambo a ku Thekerani musamawauze anthu choncho osawachenjeza. Reset imafufuta chilichonse, ndipo ikayaka itha kufuna Gmail ndi pasiwedi yomwe inalimo kale, anthu ambiri kuno Gmail anawatsegulira ndi mnyamata wa pashopu tsiku logula foni pasiwedi sakuidziwa. Amabwera pa kauntala panga akulira foni yatsekeka. Achimwene a zinanazi, musanapange chilichonse onetsetsani kuti pasiwedi ya Gmail mukuidziwa, ilembeni mukope kunyumba. Manambala aja onani ngati akusungidwa ku Google osati mufoni mokha, mukatsegula Contacts imaonetsa. WhatsApp nayo pangani backup ku Google Drive mukapitanso ku WiFi kwa alamu anuwo, kungoti imadya pa 15GB yaulere yomwe Google imapereka nde mavidiyo musawaphatikize. Za ndalama musade nkhawa, sizikhala mufoni zimakhala pa nambala yanu, foni ikazima ikani SIM mu kafoni ka mabatani, *211# ya Airtel Money, *444# ya Mpamba, geni ipitirira. Ine ndimati munthu wa geni aziyenda ndi kafoni kakang'ono mthumba lina, katundu wanu sakanagona dzulo.

Wofunsa: Mayi mwandikumbutsa chinthu chachikulu, pasiwedi anandilembera papepala koma sindikudziwa lili kuti. Ndiyamba ndi chimenecho usiku uno. Kafoni ka mabatani kalipo ka mwana ndikatenga.

Mphunzitsi wa ku Thyolo boma: Pa nkhani ya apu ya nyimbo ija, foni yanu sinawonongeke ayi. Android 15 imakana kulowetsa ma apu omwe anapangidwira Android yakale kuposa 7, ija ya 2016. Android 14 inayamba kale zimenezi koma iyo imakana a pansi pa Android 6. Chifukwa chake nchakuti kuyambira pa Android 6 apu imayenera kukupemphani chilolezo isanaone mameseji kapena manambala anu, nde opanga ma apu akuba amanamizira kuti apu yawo ndi yakale kuti izembe kupemphako. Apu yakale yomwe inali kale mufoni siichotsedwa, ikanakhalabe mukanapanda kuifufuta, koma kuilowetsanso ndi kumene sikutheka. Fufuzani pa Play Store mwina eni ake anatulutsa yatsopano. Ndipo mpamene nkhani ya foni ya mayi akunyumba ikubwera, ngati iwo ali nayo apuyo asaifufute popanga malo.

Wofunsa: Aphunzitsi ali nayo! Ndine ndinawaponyera. Nde akapanga apudeti ikhalabe eti?

Mphunzitsi wa ku Thyolo boma: Ikhalabe bola asaichotse. Ma apu akale ena amachita zachilendo pa sisitimu yatsopano nde nyimbo zomwe mumaimba kawirikawiri jambulani sikirini musunge zithunzi.

Mnyamata wa kabaza ku Muloza: Biggie inu mwati Limbuli? Batirelo mbali ina ndi netiweki. Kuno kumalire foni imalimbana, uku ikufuna ya kwathu uku ikumva za ku Milange, ukalowa mminda mmunsi mwa phiri timizere timatsika kufika kamodzi. Foni ikamasaka netiweki imagwiritsa mphamvu zambiri nkumatentha, makamaka ma SIM awiri onse ali on. Pitani pa Mobile networks, pa Network operators chotsani automatic musankhe nokha yanu. Mukakhala malo oti data sikugwira zimitsani data, mungotsala ndi zoimba. Ine ndimapanga choncho tsiku lonse ndili pamsewu batire limandifikitsa.

Wofunsa: Koma kale ndimayenda malo omwewa osavuta chonchi aise.

Mnyamata wa kabaza ku Muloza: Eya koma pano zakumana, ntchito yamkati anena akulu a ku Luchenza ija, kudzadza, ndi netiweki. Onaninso pa Battery usage muone chikudya kwambiri nchiyani.

Mlongo wina wa ku Limbe: Ine ndingowonjezera za kukoka pamwamba zija, mafoni ambiri omwe anagawa pawiri amakhala ndi posankha kuti zibwerere pamodzi, kokani kumanja mudine kapensulo kapena sakani mawu oti panel kapena control centre mu Settings. Komanso poti mumabwera ndi katundu kuno ku Limbe, sakani Theft protection muyatse zonse. Wina akakutsomphola foni nkuthawa, iyo imamva kugwedezeka kwake nkudzikiya yokha, ina imakiya akaizimitsira intaneti nthawi yaitali, ndipo pali Remote lock yoti mutha kubwereka foni ya munthu nkulowa pa android.com/lock kulemba nambala yanu foni nkukiyika. Zimenezi zimagwira kuyambira Android 10 koma anthu sayatsa, ndipo muyenera kuyatsiratu isanabedwe. Pa depoti pano mmadziwa mmene zimakhalira.

Mtsikana wa ku Bvumbwe: Nanga Private space ija anthu akunena ili pati, ine ndikufuna ndibisemo apu ya banki

Mphunzitsi wa ku Thyolo boma: Pa Android 15 imakhala pansi pa Security and privacy, imakhala ndi loko yakeyake. Koma si foni iliyonse, makampani ena anaika yawoyawo ndi dzina lina. Kumbukirani Google inatulutsa Android 15 pa mafoni a Pixel mu Okutobala 2024, ena tonsefe imatipeza kampani ya foni yathu ikamaliza kuisoka mwa njira yake, nchifukwa chake mamenyu amasiyana ngakhale nambala ili imodzi.

Bambo wina wa ku Makwasa: Ine maganizo anga ndi osiyana pang'ono. Foni ya RAM 4GB izi zimailemera, yanga patha mwezi inasiya kutentha koma kuthamanga kwake sikunafike pakale. Mayi akunyumbawo ngati foni ikuwagwirira bwino asiyeni.

Wokonza mafoni ku Luchenza: Bambo a ku Makwasa pa kulemera simukunama, 4GB ndi yothina, Facebook Lite ndi kuchepetsa ma apu oyaka kumbuyo zimathandiza. Koma kuisiya mpaka kale ayi, ma apudeti a chitetezo otsatira amabwera pamwamba pa imeneyi, ndipo foni yomwe imagwira ndalama siyofunika kutsalira. Adikire aone ya bambo ikhala bwanji, apange malo okwanira, batire likhale lodzadza, apange pa WiFi Lachisanu madzulo kuti itenthe kumapeto kwa sabata.

Wofunsa: Ndabweranso abale, lero ndi tsiku la 9. Koflashitsa sindinapite. Pasiwedi ya Gmail pepala silinapezeke koma ndinaisintha foni ikadali yotsegula, ndailemba mukope la geni. Pa WhatsApp pokha ndinachotsa 11GB, ambiri anali mavidiyo a mmagulu a mpira ndi a maliro omwe sindinawaonerepo. Kutentha kunasiya tsiku la 6, pano imangofunda ndikamatchaja. Dzulo ndachotsa pa tchaja 6 koloko mmawa, ndazungulira minda itatu, ndakweza katundu, pofika 8 koloko usiku inali pa 34. Sizinafike pakale penipeni koma tsiku likutha. Zithunzi zikutseguka msanga, zokoka pamwamba ndazibweza pamodzi, Theft protection ndayatsa. Ya mayi tipanga Lachisanu likudzali monga mwanenera. Chatsala ndi apu ya nyimbo ija, pa Play Store ndapeza ziwiri koma manambala a nyimbo sakugwirizana ndi buku lomwe timaimbira kwathu, Lamulungu ndinabwereka foni ya mayi. Ngati alipo wa kwaya pano amene ali ndi yolowa pa Android 15 yokhala ndi manambala olondola andiuze dzina lake ndikaisake, tili ndi maphunziro a kwaya Lachinayi 3 koloko.